Ku Lovedale, sukulu imene inatitumizira William Koyi

Ku South Africa, kuchokera ku East London kukafika ku Alice pali makilomita pafupifupi 120, msewu watala wokhawokha. Alamu anga akhala ku East London zaka zambiri, amawotcherera zitsulo, koma njira imeneyi anali asanaipondepo. Nditawauza kuti ndikufuna kukaona sukulu yakale ya mishoni ya Lovedale, anandiyang'ana kaye n'kufunsa kuti, "Alamu, kodi sukulu za mishoni zatha kumudzi kuti muzidzazisaka kuno?" Ndinawauza kuti za kumudzizo zinabadwa kwa imeneyi. Anapukusa mutu, koma galimoto anatulutsa.

Ine ndinakulira mu CCAP. Amene tinakulira mu mpingowu mayina a Robert Laws, Henry Henderson ndi David Clement Scott tinayamba kuwamva tili ku Sande sukulu. Timadziwa kuti sitima ya Ilala inalowa m'nyanja yathu mu Okutobala 1875, kuti mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, kenako n'kukwera ku Khondowe mu 1894. Koma ukamawerenga mbiriyi mofatsa, pali dzina limodzi limene limangobwerabwera. Womasulira uyu anaphunzira ku Lovedale. Mphunzitsi uyu anachokera ku Lovedale. Sukulu ya ku Khondowe anaimanga potengera ya ku Lovedale. Mtima unkandiuza kuti ndikapondepo ndekha pamalopo.

Tinanyamuka m'mawa kukuzizira, mwezi wa Julayi. Msewu wa N2 unatifikitsa ku Qonce, tauni imene mpaka mu 2021 inkatchedwa King William's Town. Kwawo kwa Steve Biko n'komweko, ku Ginsberg, ndipo manda ake ali kumeneko, koma sitinaime. Tinakhotera mu R63, kudutsa Dimbaza ndi Middledrift. Dziko lake ndi la zitunda zokhazokha, udzu utauma gwa, mitengo ya minga yaifupiifupi, mbuzi zikuwoloka msewu mosalabadira galimoto. M'mbali mwa zitundazo zomera za aloe zinali zitachita maluwa ofiira psuu, ndipo kudzanja lamanja mapiri a Amathole anatiperekeza njira yonse. Midzi imakhala pamwamba pa zitunda, nyumba zozungulira zopakidwa penti wobiriwira ndi wachikasu, khola la ng'ombe lili kutsogolo.

Malo abata chotere sungaganize kuti anthu anaphanapo kwa zaka 100. Kuyambira mu 1779 mpaka 1879 Axhosa anamenya nkhondo 9 ndi atsamunda, poyamba Mabunu, kenako Angerezi, ndipo nkhondo ikatha malire a koloni ya Cape ankasunthira kum'mawa, kudya dziko la eni ake. Mu 1819 bwanamkubwa Lord Charles Somerset analamula kuti Axhosa achoke m'dera la pakati pa mitsinje ya Fish ndi Keiskamma, ati pakhale popanda anthu kuti mbali ziwirizi zisamakhudzane. Sipanatenge nthawi, m'dera lomwelo munayamba kumera malinga a asilikali ndi mafamu a Azungu. Mtsinje wa Tyhume, umene umadutsa pa Alice, unali mbali ya malire amenewo. Sukulu imene tinkapita kukaionayi inamangidwa pamalire penipeni, ndipo ukaiwala zimenezi mbiri yake yonse siimveka.

Oyambitsa ake anali amishonale a Chipresibateriya a bungwe la Glasgow Missionary Society. Mu 1823 John Ross anafika ndi kamakina kosindikizira mabuku, ndipo mu Disembala chaka chomwecho iye ndi John Bennie anasindikiza pepala loyamba la Chixhosa, la zilembo ndi mawu ophunzirira kuwerenga. Chaka chotsatira awiriwa anatsegula mishoni m'mbali mwa mtsinje wa Ncera, ndipo anaitcha Lovedale pokumbukira Dr. John Love, mlembi wa bungwe lawo ku Glasgow. Nkhondo ya mu 1834 ndi 1835, ija inapha mfumu Hintsa, inasiya mishoniyo ili bwinja. Atabwerera anasankha malo ena m'mbali mwa Tyhume, kumene madzi othirira minda anali osavuta, ndipo pa 21 Julayi 1841 sukulu yogonera komweko inatsegulidwa, mphunzitsi wamkulu ali m'busa William Govan. Ana oyamba anali 20: akuda 11, achizungu 9, ambiri mwa achizunguwo ana a amishonale omwewo. Onse ankaphunzira m'kalasi imodzi, mabuku amodzi, mayeso amodzi. Ku South Africa ya mu 1841 chimenecho chinali chinthu chachilendo zedi.

Tauni ya Alice, imene tsopano boma limaitcha Dikeni, ndi yaing'ono ndipo imakhalira ana a sukulu. Lovedale ili kunja pang'ono kwa tauniyo. Masiku ano pamalopo pali koleji ya boma yophunzitsa ntchito zamanja ndi ulimi, motero pageti pali mlonda. Alamu, amene Chixhosa amachiyankhula ndithu, anamupatsa moni: "Molo, tata." Atamva kuti tachokera ku Malawi ndipo tikufuna kungoona nyumba zakale, anatilembetsa m'buku n'kutilozera njira ndi dzanja.

Chimene chimayamba kukulandira ndi mitengo ikuluikulu ya oak, imene nyengo imeneyi inali itayoyola masamba, nthambi zokhazokha. Kuseri kwake kuli nyumba za miyala, zina zikugwirabe ntchito, zina zakalamba ndipo zikufunika dzanja la mmisiri. Ndinaima pakhoma lina n'kuligwira. Mwala uliwonse unasemedwa ndi manja, timizere ta tchizulo tikuonekabe, ndipo miyalayo siyofanana kukula, koma mmisiri anaipezera malo uliwonse mpaka mzere unawongoka. Masitepe a pakhomo anadyeka pakati chifukwa cha mapazi. Alamu, monga munthu wa zitsulo, khoma sanalisamale: anagwada pa chitseko china n'kumasisita hinjesi yake yaitali. "Alamu, taonani apa," anatero, "ichi sanawotcherere. Anachisula pamoto ndi hamala. Onani mmene anachipindira kumapetoku." Kuyambira pamenepo sanafunsenso chimene tinabwerera.

Sukuluyi itangotha zaka zisanu, nkhondo inabweranso. Inayamba mu 1846 pa nkhani ya munthu amene anamangidwa pomuganizira kuti waba nkhwangwa m'sitolo ku Fort Beaufort, anzake n'kukamulanditsa panjira, n'chifukwa chake imatchedwa nkhondo ya nkhwangwa. Sukulu inatsekedwa, makalasi anasanduka mogona asilikali a Angerezi, ndipo tsidya lina la Tyhume anamanga linga lotchedwa Fort Hare. Govan anabwerera ku Scotland kwa kanthawi atatenga mnyamata wake wanzeru, Tiyo Soga, amene mu 1856 anadzozedwa ubusa, woyamba mwa anthu akuda a ku South Africa. Mu 1850 kunabukanso nkhondo ina. Mu 1856 ndi 1857 Axhosa ambiri anapha ng'ombe zawo potsata ulosi wa mtsikana Nongqawuse, ndipo njala imene inatsatira inapulula anthu miyandamiyanda.

Ndi m'zaka zimenezi pamene bwanamkubwa Sir George Grey anapereka ndalama za boma kuti Lovedale iyambe kuphunzitsa ukalipentala, kusula zitsulo, kumanga ndi kukhoma ngolo. Grey sanabise cholinga chake: ankafuna kuthyola mphamvu za mafumu ndi kusandutsa Axhosa antchito a koloni. Apa m'pamene mtima wanga umagawanika. Luso limene alamu ankalisirira pachitseko paja ndi lenileni, ndipo linadyetsa mabanja ambiri. Koma ndalama zimene zinaliyambitsa zinachokera m'dzanja lomwe linalanda minda ya makolo a ophunzirawo. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo sindikufuna kubisa china pofuna kukometsa chinzake.

Mkangano waukulu wa sukuluyi unali pakati pa Govan ndi James Stewart, amene anafika mu 1867. Govan ankakhulupirira kuti mwana wakuda aphunzire zonse zimene mwana wachizungu akuphunzira, Chilatini, Chigiriki ndi masamu omwe, ngakhale ofika pamwambawo atakhala ochepa, kuti adzathe kuima pamaso pa Mzungu aliyense osagwetsa nkhope. Stewart ankati ayi, pafunika maphunziro ofikira anthu ambiri, aphunzitsi ndi alaliki ochuluka, Chingerezi ndi ntchito zamanja, Chilatini ndi Chigiriki zitsalire okhawo ofuna ubusa. Akuluakulu a mpingo wa Free Church of Scotland, umene unali utatenga mishoniyi, anagwirizana ndi Stewart. Govan anatula pansi udindo mu 1870, ndipo Stewart analamulira Lovedale mpaka imfa yake mu 1905. Maganizo anga ali kwa Govan. Stewart anakulitsa sukulu, palibe angatsutse, koma ankanena poyera kuti anthu akuda atsalira kutali ndipo adzatenga mibadwo kuti afanane ndi Azungu. Mphunzitsi akayamba waganiza chotero, amamuyezera mwana mlingo asanamuone n'komwe.

Tsankholo linkaonekera pa chakudya. Ana akuda ndi achizungu ankapikisana m'kalasi imodzi, ndipo kawirikawiri akudawo ankapambana, koma belu la chakudya likalira ankalowa m'holo imodzi n'kukhala matebulo osiyana, chakudyanso chosiyana malinga ndi fizi imene kholo lalipira. Kogona kunalinso kosiyana. Ndinaganizira mnyamata amene wakhoza masamu kuposa mwana wa mmishonale m'mawa, masana n'kumamuona mnzakeyo akudya nyama patebulo lina iye akudya chimanga chophika. Mwana wotere safunikanso wina womuphunzitsa ndale.

Tsono nkhani ya kwathu imalowa kudzera mwa Stewart yemweyu. Ali mnyamata anapita ku Zambezi kukakumana ndi David Livingstone, ndipo analipo pamene Mary Livingstone ankamwalira ku Shupanga mu Epulo 1862. Anakwera mtsinje wa Shire, anaona nkhondo, njala ndi ukapolo, anakhumudwa kwambiri mpaka anaponya buku la Livingstone m'madzi, n'kubwerera atatsimikiza kuti mishoni siingatheke kumeneko. Koma atapezeka pamaliro a Livingstone ku Westminster Abbey mu Epulo 1874, mtima unatembenuka. Mwezi wotsatira anaimirira pamsonkhano waukulu wa mpingo wake ku Scotland n'kupempha kuti kunyanja ya Nyasa kukamangidwe sukulu yonga Lovedale, yophunzitsa Mawu a Mulungu ndi ntchito zamanja, ndipo dzina lake likhale Livingstonia. Dzina limene sinodi yathu ya kumpoto imadziwika nalo linatuluka m'kamwa mwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya m'mbali mwa Tyhume.

Gulu loyamba la mu 1875 linali kale ndi anthu a ku Lovedale. Mmodzi anali Tom Bokwito, mwana wa kwathu ku Malawi amene anamasulidwa mu ukapolo m'masiku a Bishopu Mackenzie ku Magomero, n'kutengedwa kupita ku Cape, kenako n'kuphunzira ku Lovedale. Iyeyu ndi amene anayenda ndi Henry Henderson m'mapiri a Shire pofunafuna malo a mishoni ya Blantyre, ndipo ndi amene ankayankhula ndi mafumu. Timati Henderson anapeza Blantyre, koma pakamwa pake panali Bokwito.

Mu 1876 mmishonale Dr. William Black, ali pa ulendo wopita ku Livingstonia, anaima ku Lovedale ndipo panaperekedwa pempho loti ophunzira ena adzipereke. Anaimirira oposa 10, ndipo anasankhidwa anayi: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Ndinkayenda pansi pa mitengo ija ndikuwaganizira anyamata amenewa. Kwawo kunali sukulu, ntchito yowadikira, atsikana oti akwatire. Kumene ankapita kunalibe msewu, kunali malungo amene Axhosa a m'mapiri ozizirawa sankawadziwa m'thupi mwawo, chimodzimodzi Azungu aja.

Mngunana, amene anali wophunzira kwambiri mwa anayiwo, anaphunzitsa ana pa sukulu ya ku Cape Maclear, koma anamwalira mu 1877, chaka chomwe anamwalira Dr. Black. Manda awo ali kumeneko, pansi pa phiri, ndipo alendo ambiri opita kukasambira sadziwa kuti mwa "manda a amishonale" aja muli Mxhosa. Ntintili, mmisiri wa matabwa, anathandiza kumanga mishoni ya Blantyre isanazike mizu, n'kubwerera kwawo mu 1880. Wauchope anadwala panjira ndipo anamubweza miyezi yoyambirira yomweyo. Pambuyo pake anadzakhala m'busa ndi mlakatuli wotchuka, ndipo anamira m'nyanja pa 21 Febuluwale 1917 pamodzi ndi anthu oposa 600 pamene sitima ya Mendi inagundidwa ikupita ku France pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Koyi ndiye anali wotsalira m'kalasi. Anabadwa mu 1846, chaka cha nkhondo ya nkhwangwa ija, ndipo anakula akuyendetsa ngolo za ng'ombe ndi kugwira ntchito ku Uitenhage ndi ku Port Elizabeth. Sukulu anaiyamba ali wamkulu kale, mu 1871, atayenda pansi kuchokera ku Port Elizabeth kudzafika pageti la Lovedale. Tsiku lodzipereka lija ananena kuti iye ali ndi theka chabe la talente, koma akhoza kupita kukatema nkhuni ndi kutunga madzi. Anthu amene anamumva sakanadziwa kuti mwa onse opita kunyanja, Azungu ndi akuda omwe, iyeyu ndi amene anali ndi chinthu chimene mishoni inkachisowa kwambiri.

Chinthucho chinali chilankhulo. Angoni a Zwangendaba anachoka kum'mwera kuno m'masiku a Shaka, n'kuwoloka Zambezi mu Novembala 1835 tsiku la kadamsana, chaka chomwe Lovedale yoyamba ija inali bwinja. Pofika m'ma 1870 anali atakhazikika ku Mzimba pansi pa M'mbelwa, ndipo Atonga a m'mphepete mwa nyanja ankakhala m'malinga powaopa. Mishoni ya ku Bandawe sikanakhala popanda kumvana ndi Angoni. Chixhosa cha Koyi ndi Chingoni zinali pachibale, motero pamene Laws ankapita kwa Chikusi ndi kwa Chiputula mu 1878, ndi kwa M'mbelwa mu 1879, woyankhula anali Koyi. Sankangotembenuza mawu. Ankadziwa mmene munthu amafikira pabwalo la inkosi, nthawi yokhala chete, ulemu wa ng'ombe, ndi mawu ati a Mzungu amene akanayatsa moto akanawapereka mmene analili.

Mu 1882 anakakhala ku Njuyu, pafupi ndi mtsinje wa Kasitu, pakati pa Angoni, nthawi zambiri ali yekha. M'mbelwa ndi nduna zake anakana sukulu kwa zaka zingapo, poopa kuti ana akaphunzira adzakana kupita kunkhondo. Panali masiku amene Koyi ndi anzake, James Sutherland ndi Dr. Walter Elmslie, ankagona atakonzeka kuthawa. Ana ochepa, monga Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara, ankabwera usiku mobisa kudzaphunzira zilembo. Mu 1886, pambuyo pa chilala ndi mvula imene inagwa amishonale atapemphera, bwalo la M'mbelwa linavomera kuti sukulu zitsegulidwe. Uthengawo unamupeza Koyi ali gone pamphasa, chifuwa chitamugwira, ndipo anamwalira pa 4 Juni 1886. Anamuika ku Njuyu komweko. Sukulu za ku Ekwendeni, ku Hora ndi ku Embangweni zinamera pa khomo limene iye anakhala akugogoda zaka zinayi. Mawelera Tembo uja anabatizidwa mu 1890, ndipo nyimbo zimene anapeka zikuimbidwabe m'matchalitchi a kumpoto.

Dzina la Koyi lilipo pa nyumba ya alendo ya sinodi ku Mzuzu, ndipo n'zabwino. Koma zimandiwawa kuti ana athu amaloweza mayina a amishonale a ku Scotland osamva kuti pambali pawo panali Axhosa amene anasiya mafupa awo m'dothi lathu. Zimandiwawanso kwambiri ndikaona mmene Mmalawi amayendera mwamantha m'matauni a kuno, akutchedwa mayina achipongwe, akubisa kalankhulidwe kake mu taxi. Ambiri, kuno ndi kumudzi komwe, amaganiza kuti ubale wa mayiko awiriwa unayamba ndi migodi ndi Wenela. Unayamba kale migodi ya golide ya ku Johannesburg isanatsegulidwe mu 1886, ndipo oyamba kuyenda sanali Amalawi ofuna ntchito kum'mwera, anali ana a sukulu a ku Eastern Cape opita kumpoto. Nditawafotokozera alamu zimenezi tikudya umngqusho, chimanga chokonola chophika pamodzi ndi nyemba, m'kanyumba kodyera m'tauni, anakhala chete kanthawi kenako anati, "Anzanga a kuntchito zimenezi sakuzidziwa. Ndikawauza Lolemba."

Njirayi inali yopita ndi kubwera. Jane Waterston, amene anatsegula sukulu ya atsikana ya Lovedale mu 1868, anakaphunzira udokotala n'kupita ku Livingstonia mu 1879, koma anangokhalako miyezi yochepa: amuna anzake a mu mishoni sanamulemekeze ngati dokotala, ndipo nkhanza zimene amishonale ena ankachitira anthu akuda zinamunyansa. Dr. Neil Macvicar anayenda mobwerera. Anayamba ntchito ku Blantyre mu 1896, kumene anaphunzitsa John Gray Kufa ndi anzake ntchito ya chipatala, ndipo atasemphana ndi akuluakulu a mishoni pa nkhani za chikhulupiriro anabwera ku chipatala cha Victoria cha ku Lovedale mu 1902. Kuno anayambitsa maphunziro a anamwino achikuda, ndipo mu Januwale 1908 Cecilia Makiwane anakhala mkazi woyamba wakuda kulembedwa m'kaundula wa anamwino ku South Africa. Alamu anadzidzimuka pomva dzinali, chifukwa chipatala chachikulu cha ku Mdantsane, kumene ana awo anabadwira, chimatchedwa Cecilia Makiwane.

Stewart atamwalira, amene analowa m'malo mwake anachokera ku Khondowe. James Henderson anali mkulu wa sukulu ya Overtoun ku Livingstonia, ndipo anatsogolera Lovedale kuyambira mu 1906 mpaka 1930. Iyeyu anali mmodzi wa amene analimbikira kuti pakhale koleji ya anthu akuda, ndipo mu 1916 inatsegulidwa tsidya lina la mtsinje, pamalo a linga la asilikali lija la Fort Hare. Olemba mbiri ya Kamuzu Banda amati pamene ankachoka ku Kasungu wapansi cha mu 1915, mtima wake unali pa Lovedale, koma ulendo unathera ku chipatala cha Hartley ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero) ndi kumigodi. Amene anafika m'chigwa cha Tyhume ndi a m'badwo wotsatira: Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere anatenga madigiri awo ku Fort Hare, kumene kunadutsanso Nelson Mandela, Oliver Tambo, Seretse Khama ndi Robert Mugabe. Tinayenda pang'ono pa yunivesiteyo. Ophunzira anali pikitipikiti, ena atakhala pa udzu ndi malaputopu, ndipo ndinkangoganiza kuti mbali ina ya ufulu wa Malawi inaphikidwa m'makalasi amenewa.

Za makina osindikizira ndingonena mwachidule, ngakhale zikuyenera nkhani yakeyake. Kuyambira mu 1861 Lovedale Press inakhala khomo lalikulu la mabuku a Chixhosa. Kuno kunkatuluka nyuzipepala ya Isigidimi samaXhosa, imene mkonzi wake wina, John Tengo Jabavu, anatopa ndi kuuzidwa zolemba ndi amishonale n'kukayambitsa yake, Imvo Zabantsundu, mu 1884. Mabuku a S.E.K. Mqhayi, Sol Plaatje ndi A.C. Jordan anasindikizidwa pano. Amishonale ankasefa zolembedwazo ndipo zina ankazikana, komabe popanda makina amenewa zambiri sizikanaoneka n'komwe.

Khalidwe la Jabavu lija linabwerezedwa kangapo, chifukwa sukuluyi inkaphunzitsa munthu kuwerenga kenako n'kudabwa akayamba kufunsa mafunso. M'busa Mpambani Mzimba, amene anadzozedwa mu 1875 n'kutumikira mpingo wa pa Lovedale zaka zoposa 20, anatuluka mu 1898 ndi gulu lalikulu la Akhristu atakangana ndi amishonale pa ndalama zomangira tchalitchi zimene iye anakapempha ku Scotland, ndipo anayambitsa mpingo wa Chipresibateriya wa anthu akuda okhaokha. Amene amadziwa mbiri ya kumpoto kwathu aona kale kufanana kwake. Livingstonia inachedwa mpaka 1914 kuti idzoze abusa ake oyamba, Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya, ndipo mu 1933 Mwasi naye anatuluka pa zifukwa zosasiyana kwenikweni. Mwana anatengera nzeru za make pamodzi ndi matenda ake.

Mu 1920 ndi mu 1946 ophunzira a Lovedale anachita sitalaka zazikulu, zonse ziwiri zoyambira pa chakudya, ndipo ambiri anachotsedwa sukulu. Koma chimene chinaipha sukuluyi si ana ake. Mu 1953 boma la tsankho linakhazikitsa lamulo la Bantu Education, limene nduna Hendrik Verwoerd analiteteza ponena kuti mwana wakuda asaphunzitsidwe zinthu zimene sadzaloledwa kuzigwiritsa ntchito. Thandizo la boma ku sukulu za mishoni linadulidwa, ndipo pakutha pa 1955 mpingo unapereka Lovedale m'manja mwa boma. Ngakhale zinali choncho moto sunazime msanga. Chris Hani anamaliza sekondale pano, Thabo Mbeki anachotsedwa mu 1959 chifukwa cha sitalaka, ndipo Steve Biko anachotsedwa mu 1963 mkulu wake atamangidwa ndi apolisi. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, m'nthawi ya boma la Ciskei, dera limene boma la tsankho linapatulira Axhosa, sukulu inatsekedwa, ndipo pamene malowa anadzatsegulidwanso anali koleji ya ntchito zamanja.

Chakumadzulo tinapita ku Sandile's Kop, phiri la pamwamba pa Fort Hare pamene anaika Stewart. Chipilala chake n'chachitali, chamiyala, ndipo chimaonekera kutali usanalowe m'tauni. Phirilo limatchedwa dzina la mfumu Sandile wa Angqika, amene anamenya nkhondo zitatu poteteza chigwachi mpaka anaphedwa mu 1878, koma amene wagona pamwamba pake ndi mmishonale. Ukaima pamenepo umaona zonse nthawi imodzi: Tyhume akukhotakhota pansi, Lovedale mbali iyi, Fort Hare mbali iyo, chipatala cha Victoria, ndi midzi ya anthu amene makolo awo anataya dziko koma ana awo anaphunzira m'nyumba za miyala zija. Stewart ndimamuthokoza chifukwa cha Livingstonia, ndipo ndimamuimba mlandu chifukwa cha matebulo aja. Sindinaone chifukwa chosankhapo chimodzi.

Kwa abale amene muli ku Eastern Cape, ulendowu ndi wa tsiku limodzi. Ngati mulibe galimoto, ma taxi opita ku Alice amanyamukira ku Qonce ndipo amayenda tsiku lonse. Pitani pakati pa sabata, maofesi ali otsegula, ndipo muyambe mwapempha chilolezo pageti chifukwa ndi malo ophunzirira, si malo ongoonerako zakale. Ku Fort Hare kuli nyumba yosungira zolemba za ANC ndi magulu ena omenyera ufulu, komanso nyumba ya zojambulajambula, motero siyani maola angapo a kumeneko. Mukakhala ndi nthawi, Hogsback ili makilomita pafupifupi 30 kukwera mapiri. Ngati mukupita mu Juni kapena Julayi nyamulani jekete yochindikala, chifukwa pamwamba pa Amathole nthawi zina pamagwa chipale chofewa ndipo mphepo yake imatsikira m'chigwa dzuwa likangopendeka.